Maroketi a anthu wamba: mpikisano wa X Prize ndi timagulu tomwe sitidagwe mphwayi

Kwa zaka zoposa 40 kuchokera pa 12 Epulo 1961, tsiku lomwe Yuri Gagarin wa ku Soviet Union adazungulira dziko lapansi, aliyense wopita mumlengalenga ankakwera chombo cha boma. Ngakhale mpondamatiki wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, yemwe adadzilipirira yekha ulendo mu 2002, adakwera chombo cha Soyuz cha dziko la Russia. Ntchito yopanga roketi yonyamula munthu inkaoneka kuti ndi ya maboma olemera okha, omwe ali ndi mainjiniya zikwizikwi komanso thumba lakuya la misonkho.

Maganizo amenewa ndiwo adafuna kutsutsa anthu omwe adakhazikitsa mpikisano wa X Prize m'dziko la America mu 1996. Mpikisanowu udakopa magulu 26 ochokera m'maiko 7, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono, ogwirira ntchito m'magalaja ndi m'mashedi obwereka. Mphotho idapezadi mwini mu 2004. Koma kufikira lero palibe gulu la anthu ongodzipereka, osalandira malipiro, lomwe lafikitsa munthu mumlengalenga pa roketi yodzipangira. Omwe adapambana adali akatswiri a ndege oyendera ndalama za mpondamatiki.

Chiyambi cha mpikisano

Mwini nzeruyi adali Peter Diamandis, yemwe adaphunzira udokotala komanso uinjiniya wa zouluka. Iye adaitola m'mbiri ya ndege. Mu 1919 mwini mahotela mumzinda wa New York, Raymond Orteig, adalonjeza madola 25,000 kwa yemwe angauluke osatera kuchokera ku New York kukafika ku Paris. Anthu 6 adafa poyesa mwayi. Mu Meyi 1927 Charles Lindbergh, mnyamata wa zaka 25 yemwe ankayendetsa ndege zonyamula makalata, adauluka yekha kwa maola 33 ndi theka n'kutenga ndalamazo. Diamandis adaona kuti ndalama zomwe opikisana onse adawononga pamodzi zidaposa kutalitali mphothoyo, ndipo adaganiza kuti njira yomweyo ingatsegule msewu wopita mumlengalenga.

Mu Meyi 1996 adalengeza mphotho ya madola 10 miliyoni mumzinda wa St. Louis, kumene amalonda adathandiza Lindbergh zaka pafupifupi 70 m'mbuyomo. Chodabwitsa n'chakuti pa tsiku lolengezalo ndalamazo adalibe. Adatha zaka akugogoda zitseko za makampani, ambiri akumubweza poopa kuti wina akafera pampikisanopo dzina lawo lidzaipa. Thandizo lalikulu lidachokera kwa Anousheh Ansari, mayi wamalonda wobadwira ku Iran, ndi mlamu wake Amir Ansari, ndipo mu Meyi 2004 mpikisano udayamba kutchedwa Ansari X Prize. Ndalama za mphotho zidatsamira pa mgwirizano ndi kampani ya inshulansi, womwe kunena zoona udali kubetcha: kampaniyo ikadadya ndalama zomwe idalandira kukadapanda kupezeka wopambana pofika kumapeto kwa 2004, koma wina akapambana inkayenera kulipira.

Malamulo adali ochepa koma olimba. Chombo chinkayenera kupangidwa ndi ndalama zosachokera kuboma, kukhala ndi malo a anthu atatu, kukwera makilomita 100, kubwera bwinobwino, kenaka n'kubwerezanso ulendowo pasadathe masabata awiri. Pakati pa maulendo awiriwo eni ake sankaloledwa kusintha zida zoposa gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa chombo, kupatula mafuta. Lamulo lobwerezali ndilo lidali mtima wa mpikisano. Okonza ankafuna chombo chomwe chingagwire ntchito ngati basi, osati chophulitsa kamodzi n'kutaya.

Makilomita 100 ndi chiyani?

Mpweya suthera pamalo amodzi ngati mpanda. Umanka nupepukirapepukira munthu akamakwera. Bungwe loona za mbiri ya zouluka padziko lonse, Fédération Aéronautique Internationale, lidaika malire pa makilomita 100, ndipo malirewo amatchedwa mzere wa Kármán pokumbukira katswiri wina wa sayansi wobadwira ku Hungary. Asilikali a America ndi bungwe la NASA amawerengera kuyambira pa mamailosi 50, omwe ndi makilomita pafupifupi 80. Pansi pano mtunda wa makilomita 100 si wautali: ndi ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima. Vuto ndi loti mtundawu wayang'ana kumwamba. Ndege zonyamula anthu zimauluka pa makilomita 10 kapena 12 okha.

Nkofunikanso kusiyanitsa kufika mumlengalenga ndi kuzungulira dziko. Chombo cha X Prize chinkangofunika kukwera n'kugwanso, monga mwala woponyedwa m'mwamba, ndipo liwiro la makilomita pafupifupi 3,500 pa ola limakwanira. Kuti chombo chizungulire dziko osagwa, monga adachitira Gagarin, chimafunika makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo mphamvu yake imaposa yoyambayo maulendo 30. Choncho mpikisanowu udali wa sitepe yoyamba chabe, koma sitepe yomweyo idagonjetsa pafupifupi onse.

Roketi imasiyana ndi ndege chifukwa imanyamula mpweya wakewake woyatsira moto. Pali mitundu itatu ya injini. Ya mafuta olimba ndi yosavuta kupanga, koma ikayaka siizimitsika, zomwe n'zoopsa munthu ali pamwamba pake. Ya mafuta amadzimadzi imazimitsika ndipo ndi yamphamvu, koma imalira mapaipi, mavavu ndi matanki osunga okosijeni wamadzimadzi yemwe amazizira kufika madigiri 183 kunsi kwa ziro. Yachitatu imaphatikiza ziwirizo: mafuta olimba, monga mphira, ndi chothandizira moto chamadzimadzi. Gulu lililonse linkayenera kusankha pakati pa mitunduyi, kenaka n'kupeza njira yowongolera roketi kuti isapatuke, ndi njira yobwezera munthu pansi ali moyo. Mbiri ya mpikisanowu ikusonyeza kuti ambiri adathera pa injini, asadafike n'komwe pa mafunso awiri enawo.

Omwe adathera m'njira

Gulu lomwe anthu ankalitsatira kwambiri mwa ang'onoang'onowo lidali Armadillo Aerospace la ku Mesquite m'chigawo cha Texas. Mwini wake, John Carmack, adalemera ndi masewero a pakompyuta a Doom ndi Quake, ndipo adayambitsa gululi mu 2000 ndi anzake ochepa omwe ankakumana akaweruka kuntchito zawo. Carmack adabweretsa chizolowezi cha olemba mapulogalamu a kompyuta: panga kanthu kakang'ono, kayese msanga, kakawonongeka phunzirapo, mawa panganso. Ankalengeza poyera zomwe zatheka ndi zomwe zakanika, ngakhale zithunzi za maroketi ophwanyika. Mafuta awo adali hydrogen peroxide, mankhwala omwe ena amatsukira zilonda akakhala osungunula kwambiri, koma kupeza woyera bwino kudawavuta chifukwa ogulitsa ankaopa milandu. Mu Ogasiti 2004 chombo chawo choyesera chidatha mafuta chili m'mwamba n'kugwa, ndipo chiyembekezo chotenga mphothoyo chidathera pomwepo.

Armadillo siidathe pamenepo. Mu 2008 idapata madola 350,000 pa mpikisano wina wa zombo zopanda munthu zonyamuka ndi kutera choimirira, wotchedwa Northrop Grumman Lunar Lander Challenge, ndipo mu 2009 idapatanso madola 500,000 itakhala yachiwiri kwa gulu la Masten Space Systems. Mu 2013 Carmack adaimitsa ntchito atawonongapo ndalama zake zambiri. Munthu sadafikeko mumlengalenga pa chombo cha gululi.

Ku Canada kudali magulu awiri. Canadian Arrow ya mumzinda wa London m'chigawo cha Ontario idaganiza zosayamba kuganiza mwatsopano: idatengera kapangidwe ka V-2, roketi yomwe Germany inkaphulitsira London ya ku Britain ndi Antwerp pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, poti kauluke kake kadali kodziwika kale. Gululi lidayesa injini pansi, ndipo mu Ogasiti 2004 lidagwetsa chipinda cha okwera m'nyanja ya Ontario kuchokera pa helikopita poyesa parachuti. Roketi yeniyeniyo siidauluke. Gulu linalo, da Vinci Project la ku Toronto, lotsogozedwa ndi Brian Feeney, linkadalira anthu ongodzipereka ndipo lidali ndi nzeru yachilendo: kukweza roketi yotchedwa Wild Fire ndi chibaluni chachikulu kufika makilomita pafupifupi 24, kenaka n'kuiyatsa ili pomwepo, pofuna kulambalala mpweya wolemera wa pansi. Feeney adati adzakwera yekha. Ndalama zidachokera ku kampani ya juga ya pa intaneti, GoldenPalace.com, ndipo tsiku louluka lidaikidwa pa 2 Okutobala 2004 m'tauni ya Kindersley ku Saskatchewan. Tsikulo lisadakwane adalengeza kuti zida zina sizidafike. Ulendowo sudachitike mpaka lero.

Ku Britain, Steve Bennett wa kampani ya Starchaser adayamba ndi maroketi ang'onoang'ono oyendera mafuta a shuga, ndipo mu Novembala 2001 adaulutsa roketi ya Nova, yotalika mamita 11, kuchokera pamchenga wa Morecambe Bay. Idakwera kupitirira pang'ono kilomita imodzi ndi theka, mopanda munthu. Gulu la ARCA la ku Romania lidaulutsa roketi yoyesera m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea mu Sepitembala 2004. Anyamata awiri a kampani ya Space Transport Corporation m'chigawo cha Washington adaulutsa Rubicon 1 mu Ogasiti chaka chomwecho, ili ndi chidole m'malo mwa munthu; idaphulika itangonyamuka, zidutswa zake n'kugwera m'nyanja. Magulu ena ambiri pa 26 aja sadapitirire zojambula za papepala.

Opambana

Mphotho idapita ku chipululu cha Mojave ku California, kwa Burt Rutan ndi kampani yake ya Scaled Composites. Rutan sadali wophunzira kumene. Ndiye adapanga ndege ya Voyager yomwe idazungulira dziko lonse osatera kapena kuthira mafuta mu Disembala 1986. Ndalama zidachokera kwa Paul Allen, yemwe adayambitsa Microsoft pamodzi ndi Bill Gates, ndipo zidakwana madola pafupifupi 25 miliyoni, kuposa kawiri mphotho yomwe ankalimbirana. Poyerekeza ndi zomwe maboma amawononga zidali ndalama zochepa zedi, koma magulu enawo sakadazilota.

Rutan adalambalala mavuto omwe adagwetsa anzake. Mmalo monyamukira pansi, chombo chake, SpaceShipOne, chinkanyamulidwa kumimba kwa ndege ina yotchedwa White Knight kufika makilomita pafupifupi 14. Chikamasulidwa, woyendetsa ankayatsa injini yoyendera mphira ndi nitrous oxide, mpweya womwe madokotala a mano amagwiritsa ntchito pochepetsa ululu. Injiniyo inkayaka kwa mphindi imodzi ndi masekondi pafupifupi 20, kenaka chombo chinkapitirira chokha mpaka pamwamba, woyendetsayo n'kuyandama mopanda kulemera kwa mphindi zitatu kapena kuposerapo pang'ono. Nzeru yaikulu idali pobwerera. Theka lakumbuyo la mapiko linkapindikira m'mwamba, ndipo chombo chinkadziwongola chokha n'kugwa chotsogoza mimba, mpweya ukuchichepetsa liwiro. Chikafika m'munsi mapiko ankawongoka ndipo chinkatera pabwalo ngati ndege yozimitsa injini. Chiwongolero chidali cha manja, osati cha kompyuta.

Yemwe adachifikitsa koyamba mumlengalenga, pa 21 Juni 2004, adali Mike Melvill wa zaka 63, mbadwa ya ku Johannesburg yemwe adakulira ku South Africa asadasamukire ku England kenaka ku America. Mwa onse a gululi, iyeyu ndiye adali pafupi ndi mzimu wa anthu wamba: adadziwana ndi Rutan atagula mapulani ake n'kudzipangira ndege kunyumba. Ulendowo sudali wosalala. Chombo chidagwedezeka chitangoyatsidwa, chida china chowongolera chidakanirira, ndipo chidadutsa mzere wa makilomita 100 ndi mamita 124 okha. Ali pamwambapo Melvill adamwaza maswiti a M&M's kuti aone akuyandama. Boma la America lidamupatsa chizindikiro choyamba cha woyendetsa chombo cha mumlengalenga chosakhala cha boma.

Maulendo awiri a mpikisano adatsatira. Pa 29 Sepitembala Melvill adafika makilomita pafupifupi 103, koma pokwera chombo chidazungulira ngati nguli maulendo 29, anthu pansi atagwira mitima. Pa 4 Okutobala, tsiku lomwe Soviet Union idaulutsa Sputnik mu 1957, Brian Binnie adafika makilomita 112, kuposa mbiri yomwe ndege ya boma ya X-15 idaika mu 1963. M'mipando iwiri yakumbuyo mudalibe anthu. Malamulo ankalola katundu wolemera mofanana nawo. SpaceShipOne siidaulukenso. Mu 2005 idapachikidwa m'nyumba yosungira mbiri ya zouluka ya National Air and Space Museum ku Washington, pafupi ndi ndege ya Lindbergh.

Zomwe zidatsatira zidasonyeza kuti kupambana mpikisano ndi kuyendetsa basi ya mumlengalenga ndi zinthu ziwiri. Richard Branson adagula chilolezo cha luso la Rutan n'kukhazikitsa Virgin Galactic, akulonjeza kunyamula anthu pakangotha zaka zochepa. Mu Julayi 2007 ogwira ntchito atatu a Scaled Composites adafa thanki ya nitrous oxide itaphulika poyesa zida pansi. Pa 31 Okutobala 2014 chombo chachikulupo, SpaceShipTwo, chidasweka m'mwamba wothandiza woyendetsa, Michael Alsbury, atamasula loko wa mapiko aja nthawi isadakwane. Alsbury adafa, mnzake Peter Siebold adapulumukira pa parachuti. Ofufuza a boma adapeza kuti opanga chombo sadaike chotchinga choti kulakwitsa kumodzi kwa munthu kusaphe. Branson mwiniwake adauluka mu Julayi 2021, ndipo maulendo olipiritsa adayamba mu 2023, patatha zaka 19 chipambanireni mphotho. Mpikisano wina wa madola 50 miliyoni, America's Space Prize, womwe mwini mahotela Robert Bigelow adakhazikitsa wofuna chombo chozungulira dziko ndi anthu 5, udatha mu Janyuwale 2010 popanda woutenga.

Anthu wamba enieni

Maroketi a anthu wamba opanda munthu adafikako kale mumlengalenga. Pa 17 Meyi 2004 gulu la Civilian Space eXploration Team, lotsogozedwa ndi Ky Michaelson, lidaulutsa roketi ya GoFast m'chipululu cha Black Rock ku Nevada ndipo idakwera makilomita pafupifupi 116. Ophunzira a pa University of Southern California adachitanso chimodzimodzi mu 2019. Koma roketi zoterezi ndi zowonda, zimanyamuka ndi mphamvu yoti munthu sangapirire, ndipo zikaphulika eni ake amangotaya ndalama. Kuikamo munthu kumasintha zonse: roketi imakula, imalira chipinda chosunga mpweya, chiwongolero chodalirika, parachuti yosalephera ndi njira yothawira zinthu zikavuta.

Loto lotere si lachilendo kuno kummwera kwa Africa. Mu 1964, chaka chomwe Zambia idalandira ufulu wodzilamulira, mphunzitsi wa sayansi Edward Mukuka Nkoloso adalengeza kuti adzatumiza achinyamata ku mwezi ndi ku Mars asadatero a America ndi a Soviet Union. Ankawaphunzitsa pafamu ina kufupi ndi Lusaka powagubuduza kumtsetse ali mumgolo, ndipo adapempha mapaundi 7 miliyoni ku bungwe la UNESCO koma sadapatsidwe. Roketi youluka padalibe, ndipo anthu amatsutsanabe ngati ankanenetsa kapena ankaseka maiko akuluakuluwo.

Gulu lomwe lafika patali kwambiri pa njira ya anthu ongodzipereka ndi Copenhagen Suborbitals la ku Denmark, lomwe lidayamba mu 2008, mpikisano wa X Prize utatha kale. Palibe mphotho yomwe likuthamangira. Mamembala ake, omwe ndi anthu makumi angapo, ndi mainjiniya, owotcherera zitsulo, odziwa za magetsi, amalinyero ndi ena omwe amagwira ntchito zawo masana n'kumakumana madzulo ndi kumapeto kwa sabata pamalo omwe kale ankapangirapo sitima zapamadzi ku Refshaleøen mumzinda wa Copenhagen. Palibe amalandira malipiro. Ndalama zimachokera kwa anthu ofuna kwabwino m'maiko osiyanasiyana omwe amasonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Mfundo yawo ndi kugwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'sitolo ndi chitsulo wamba paliponse pomwe zingatheke.

Denmark ndi dziko laling'ono lopanda chipululu, choncho gululi limaulutsira panyanja ya Baltic, kummawa kwa chilumba cha Bornholm, m'dera lomwe asilikali amayeserako zida. Roketi imaima pa chithandala choyandama chomwe adadzipangira n'kuchitcha Sputnik. Ulendo wawo woyamba, mu Sepitembala 2010, udatchuka chifukwa cha momwe udakanikira. Kuti vavu ya okosijeni wamadzimadzi isaume ndi chisanu, adaiika pafupi ndi kamakina koumitsira tsitsi kogula m'sitolo. Anthu atachoka pa chithandalacho magetsi a kamakinako adazima, vavu idauma, ndipo nthawi yonyamuka itakwana roketi idangotulutsa utsi ili chiimire.

Adabwerera pa 3 Juni 2011. Roketi ya HEAT-1X idanyamuka itasenza chipinda chotchedwa Tycho Brahe, chopapatiza masentimita 64, momwe wokwera ankayenera kukhala choimirira pang'ono mutu uli m'chigoba choonekera. M'katimo mudali chidole cholemera ngati munthu. Roketiyo idalibe chowongolera, ndipo itangokwera idayamba kupendekera chammbali, moti oyang'anira adazimitsa injini patangotha masekondi ochepa. Idafika makilomita 2.8, kutsika pang'ono nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje. Parachuti idang'ambika chifukwa cha liwiro, ndipo chipindacho chidamenya madzi mwamphamvu yomwe munthu weniweni sakadaipirira. Phunziro lidali loonekeratu: popanda chiwongolero palibe ulendo.

Zaka zotsatira zidathera pa phunziro limeneli. Mu Juni 2013 roketi yaing'ono ya Sapphire, yokhala ndi kompyuta yodzipangira yomwe inkapinda timapiko ta mkuwa m'kati mwa lawi la injini, idakwera choongoka makilomita oposa 8. Mu 2014 roketi yaikulu ya HEAT-2X idapsa poyesedwa pansi. Chaka chomwecho omwe adayambitsa gululi, Kristian von Bengtson ndi Peter Madsen, onse adachokamo pambuyo pa kusamvana. Madsen adadzagamulidwa mu 2018 kukhala m'ndende moyo wake wonse chifukwa chopha mtolankhani wa ku Sweden, Kim Wall, m'sitima yake yoyenda pansi pa madzi; apa n'kuti patatha zaka zitatu chichokereni m'gululi, koma dzina lake lidapitiriza kulidetsa. Otsalawo adasankha kubwerera pa maroketi ang'onoang'ono oyendera sipiriti ya ethanol ndi okosijeni wamadzimadzi. Nexø I idakwera kilomita imodzi ndi theka yokha mu 2016 chifukwa cha vuto la okosijeni. Nexø II, pa 4 Ogasiti 2018, idakwera makilomita pafupifupi 6.5, idatsika bwino pa parachuti, ndipo adaivuula m'madzi ili yathunthu.

Liwiro lotere ena angaliyese ulesi, koma mbiri ya Mike Hughes wa ku America ikusonyeza mtengo wa changu. Hughes, yemwe ankayendetsa galimoto zahayala, adadzipangira roketi yoyendera nthunzi ya madzi otentha ndipo ankakwera yekha. Mu Malichi 2018 adakwera mamita pafupifupi 570 n'kutera movulala msana. Pa 22 Febuluwale 2020, kufupi ndi Barstow ku California, parachuti idathothoka roketi ikunyamuka, ndipo adafa itagwa m'chipululu makamera a kanema akujambula. Adali ndi zaka 64.

Lamulo likuti chiyani?

Pangano la maiko la 1967 lokhudza mlengalenga limati boma lililonse lili ndi udindo pa zomwe nzika zake zikuchita kumeneko, ngakhale zitakhala za kampani kapena kagulu ka anthu wamba, ndipo liyenera kuzivomereza ndi kuziyang'anira. Ndiye chifukwa chake palibe angangomanga roketi kuseri kwa nyumba n'kuiyatsa. Ku America chilolezo chimachokera ku bungwe loona za ndege la FAA, lomwe lidapereka choyamba cha mtunduwu kwa Scaled Composites mu Epulo 2004. Mu Disembala chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo lomwe maziko ake ndi akuti boma liteteze anthu apansi omwe sizikuwakhudza, pomwe wokwerayo auzidwe kuopsa kwake n'kusayina kuti wavomera yekha. Denmark idakhazikitsa lamulo lake la za mumlengalenga mu 2016, ndipo a Copenhagen Suborbitals amayenera kugwirizana ndi akuluakulu a boma kuti ndege ndi sitima zipatuke m'dera lawo pa tsiku louluka.

Roketi yomwe gululi likufuna kuti idzanyamule munthu imatchedwa Spica. Mapulani ake ndi otalika mamita pafupifupi 13, m'mimba mwake pafupifupi mita imodzi, ndi chipinda cha munthu mmodzi pamwamba. Idzanyamukira panyanja, kudutsa makilomita 100, kenaka chipindacho chidzalekana ndi roketi n'kutsikira m'madzi pa parachuti, ulendo wonse wa mphindi pafupifupi 15. Gululi lidanena kuti lidzayamba laiulutsa kangapo ili ndi chidole munthu asadakwere. Matanki ake akuwotchereredwa ndipo injini zikuyesedwa ku Refshaleøen, koma Spica siidaulukebe, ndipo mtunda wautali womwe roketi ya gululi idakwerapo udakali makilomita 8 aja a Sapphire a mu 2013.